Dzina la Abambo Linkapitabe ku Ntchito

Pa depoti yathu ya mabasi amakaniko amanditchula kuti a Kompyuta, ndipo sindikana, chifukwa ndine ndekha amene ndimadziwa kumene chingwe chilichonse chikuchokera ndi kumene chikupita. Kaofesi kanga kali kuseri kwa galaja, pakati pa chipinda cha matayala ndi mpopi umene sutsekeka. Ukatsegula zenera umapuma dizilo, ukatseka umapsa ndi kutentha kwa seva, kompyuta yaikulu imene imasunga zonse za depoti. Ine ndinasankha dizilo.

Ntchito imene inandidyera mwezi wathunthu chaka chino inali ya Mlonda. Mlonda ameneyu si munthu ayi. Ndi pulogalamu imene imadziwa kuti wantchito uyu ndi ndani, ali m'gulu liti, ndipo aloledwa kutsegula chiyani. Dalaivala akagunditsa khadi lake pageti, ndi Mlonda amene amamulola kulowa. Makaniko akapempha lamba wa injini pa kompyuta ya m'galaja, ndi Mlonda amene amaona ngati munthuyo ali ndi chilolezo chopempha. Mlonda wakale anali atatheratu, seva yake inkalira ngati chigayo, ndipo a manijala anagula watsopano. Watsopanoyo anabwera wopanda kanthu m'mutu. Sankadziwa munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale a manijala amene anamugula.

Mkulu woona za antchito, amene tonse timawatchula a Fomu chifukwa sungamalize kuwapatsa moni asanakupatse pepala loti usayine, anali ndi njira yachidule.

"Bwanji osangokopera zonse za mwa wakaleyu n'kuthira mwa watsopano? Ntchito ya tsiku limodzi imeneyo."

"Antchito tilipo angati, bwana?" ndinawafunsa.

"Tilipo 130."

"Mwa Mlonda wakale muli maina 412. Enawo akabwera tsiku limodzi, mudzawakhazika pati?"

Munali anthu amene anasiya ntchito ine ndili ku sekondale, ena amene tinawaika m'manda, ndi maina atatu odabwitsa: yesa, yesa2 ndi yesanso. Zinali zaka khumi ndi zisanu za anthu kudina apa ndi apo ndi mawusi, wina kupatsa mnzake chilolezo "cha lero lokha" chimene chinakhala mpaka kumera imvi. Palibe amene ankadziwa kuti anadina ndani, liti, chifukwa chiyani. Ndinawauza a Fomu kuti zinyalala sindisamutsa, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti ndalowa m'buku lawo la adani.

Ndinasankha kulemba ndekha pamanja, kutayipa mzere ndi mzere mu fayilo imodzi imene ndinaitcha fayilo ya maziko. Ndinatenga kope n'kuyamba kuzungulira depoti. Sindinkafunsa kuti udindo wanu ndi wotani, chifukwa udindo aliyense amaukuza. Ndinkafunsa kuti m'mawa mukafika mumagwira chiyani, mumatsegula chiyani. Makondakitala, madalaivala, ogulitsa matikiti, alonda enieni a pageti, onse ndinawakhalira pambali mpaka ena kutopa nane. Masana ndinkabwerera ku kaofesi kanga n'kutayipa. Poyamba magulu, kenako zimene gulu lililonse laloledwa, kenako anthu, aliyense mzere wake. Kumapeto kwa mzere uliwonse ndinkalemba dzina la amene wauvomereza. Mzere wopanda wouvomereza sunkalowa, ngakhale utakhala wa mlamu wa a manijala.

Ubwino wa fayilo yotere ndi woti ukhoza kuibwereza. Seva itapsa mawa, ndingolumikiza ina, ndiyendetsa fayilo, ndipo pakutha pa mphindi ziwiri depoti yonse yabwerera m'malo mwake. Koma kubwerezako kuli ndi lamulo lake: ukaiyendetsa kachiwiri pa makina amene ali nazo kale zonse, isasinthe kanthu. Apa ndiye ndinapunthwa sabata yoyamba. Ndinaiyendetsa kawiri pa kompyuta yoyeserera, n'kupezeka ndili ndi a manijala awiri ndi a Fomu awiri. A manijala awiri ndikanapirira. Ndinakonza tsiku lomwelo. Munthu aliyense ndinamupatsa nambala yosasintha, kuti fayilo ikamupeza alipo kale imusiye, ikapeza wina wamusokoneza imubwezere mmene walembedwera, ikapeza amene sanalembedwe imutsekere. Kuyambira pamenepo ulendo wachiwiri uliwonse unkathera pa mawu amene ndimawakonda kuposa nyimbo: "Zosintha: 0."

Sabata yachitatu ndinafika pa sitolo ya zipangizo, mmene timasungamo mabauti, malamba, mapadi a buleki ndi zina zonse zokonzera mabasi. Pa mndandanda wa a Fomu, malo a woyang'anira sitolo anali opanda munthu kwa zaka zitatu, chichokereni abambo anga. Inde, abambo anga ndiwo anayang'anira sitoloyo zaka 26, mpaka sitiroko inawagwetsa n'kuwafooketsa dzanja ndi mwendo wakumanja. Komatu mabasi ankakonzedwa tsiku ndi tsiku, ndiye kuti wina ankatulutsa zipangizo. Ndinatsegula kaundula wa Mlonda wakale, mmene mumalembedwa aliyense wolowa ndi nthawi imene walowera, ndipo ndinaseka ndekha ngati wozungulira mutu. Abambo anga anali atalowa m'mawa womwewo, nthawi ili 6:40. Dzulo lake, 6:40. Dzana, 6:40. Zaka zitatu osajomba, kupatula Lamlungu. Chonsecho ine m'mawa umenewo ndinawasiya pakhonde, bulangete lili pamiyendo.

M'mawa mwake ndinalawirira. Tsache linali litatsamira pachitseko cha sitolo, ndowa ili pambali pake. Mkati, pa mpando wakale wa abambo, panali mayi amene amasesa galaja, wamtali, wowonda, wosalankhulalankhula, amene amakaniko amangowatchula kuti Asisi. Ankatayipa ndi zala ziwiri, koma mofulumira kuposa a Fomu ndi zala khumi. Pawindo panali makaniko wofuna mapadi a buleki a basi nambala 27.

"Osati amene munatenga mwezi watha aja," Asisi ankamuuza osatembenuka. "Basi imeneyo anaisintha ekisero yakumbuyo. Tengani a pa shelefu yachinayi, bokosi lobiriwira."

Atandiona, anachotsa manja pa kiyibodi ngati yawaotcha.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka bwino, achemwali. Ndimangopukuta fumbi."

"Fumbi la pa kiyibodi limachoka ndi pasiwedi ya abambo anga?"

Maso awo anapita pakhoma, anga anatsatira. Pamenepo panali pepala la malamulo a makompyuta, lofiirira ndi kukalamba, lomatidwa ndi selotepu. Lamulo loyamba linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: wogwiritsa ntchito pasiwedi ya mnzake adzachotsedwa ntchito. Pansi pake panali malamulo ena a zilembo zing'onozing'ono, amene palibe ankawawerenga, kenako siginecha ya a Fomu.

Makaniko uja atachoka, Asisi anatseka windo n'kundiuza zonse. Abambo atagonekedwa m'chipatala, mabasi asanu anaima sabata imodzi chifukwa palibe amene ankadziwa kumene kuli chiyani. Asisi anapita kukawazonda, ndipo abambo anawanong'oneza pasiwedi, akuti kwa sabata imodzi yokha, mpaka mabwana apeze munthu. Mabasi atayambanso kuyenda, mabwana anaiwala zoti ankafuna munthu.

"Achemwali, tsache ili ndi limene limandidyetsa ine ndi ana atatu. Zikadziwika, andichotsa ndi pa tsache pomwe, ndipo sindidziwa kolowera. Inu ndinu mukulemba buku latsopanolo. Ingolembanimo dzina la abambo anu. Mzere umodzi basi. Adziwa ndani?"

Unalidi mzere umodzi, ndipo ndisaname, ndinauganizira. Koma kumapeto kwa mzerewo kukanafunika dzina la wouvomereza, ndipo ndikanalemba langa, kuchitira umboni kuti bambo amene sangathe kumanga mabatani a malaya ake amabwera ku ntchito 6:40. Fayilo ikanabwereza bodza limenelo m'mawa uliwonse mokhulupirika, mpaka tsiku lina munthu wofufuza adzalipeze, ndipo tsiku limenelo Asisi akanachotsedwabe, ine ndili pambuyo pawo. Chinandikwiyitsa kwambiri n'choti mayiyu anayendetsa sitolo zaka zitatu, koma ankaopa ngati wakuba.

"Dzina la abambo anga sindilemba," ndinatero. "Ndilemba lanu."

"Mayo ine! Mwandipha, achemwali."

"Ndikakuphani ndidzabwera ndekha kudzasesa galaja. Ndipatseni mpaka Lachisanu."

Madzulo ndinawapeza abambo pa mpando wawo pakhonde, amayi anga akusita zovala patebulo pafupi ndi khomo. Chidwalireni abambo ndinabwerera kukakhala nawo, ndipo panali khalidwe lawo lina limene tonse tinkaliyesa la matenda. Ankadzuka 5 koloko, kumeta ndevu ndi dzanja lamanzere mpaka kudzicheka, kuvala malaya a kolala ndi wotchi, n'kukakhala pakhonde. Ikakwana 6:40 ankayang'ana wotchiyo, kugwedeza mutu, kenako n'kuitanitsa tiyi. Tsiku limenelo ndinamvetsa.

"Ababa, a kampani akuthokoza chifukwa chosajomba ku ntchito."

Mbali yabwino ya pakamwa pawo inaseka.

"Wamupeza?"

"Ndawapeza."

"Amalakwitsa?"

"Zaka zitatu, palibe chipangizo chimene chinabwezedwa kuti n'cholakwika."

"Ndinamuphunzitsa ndine ameneyo," anatero akudzigunda pachifuwa ndi dzanja lamanzere. "Ankasesa pansi pa mashelefu uku akuwerenga manambala a mabokosi mokweza. Tsiku lina ndinayesa kumunamiza nambala ya fyuluta, anandikonza. Ndiye dzinalo ulisiye mmene lilili, ntchito iziyenda."

"Sindilisiya, ababa. Mu fayilo yatsopano simukhalamo."

Amayi anaimika simbi. Abambo anakankha bulangete.

"Iwe, ndinakuphunzitsa kugwira mawusi pa kompyuta ya m'sitolo yomwe ija, mamina ali m'mphuno. Lero wakula, ukandifufute?"

"Sindikufufutani. Sindikulembanimo chabe."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

Anandiyankhira ndi amayi, osakweza mawu, akutembenuza kolala ya malaya.

"Bambo, mwagwira ntchito zaka zitatu ndi manja a mwana wa eni. Oyamikiridwa ndinu, iye akutchedwabe wosesa. Sizinakukwaneni?"

Abambo anatenga ndodo yawo n'kulowa m'nyumba. Sanandilankhulenso kwa masiku oposa sabata, ndipo zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinadziwa chimene ndikuwalanda. Komabe m'mawa mwake ndinatsegula fayilo n'kulemba gulu la otulutsa zipangizo, ndipo ndinalisiya lopanda munthu.

Lachisanu m'mawa ndinanyamula laputopu kupita ku ofesi ya a manijala, nditapinda pepala lina m'thumba. A manijala ndi bambo wamfupi, wamtima wapachala, amene anayambira pa ukondakitala ndipo amadana ndi nkhani zazitali. A Fomu anakhala pambali ndi mulu wa mapepala pamiyendo.

"Ndili ndi mphindi khumi," a manijala anatero.

"Zisanu zikwana, bwana. Zinazo mumwere tiyi."

Ndinafufuta zonse za mwa Mlonda woyeserera wa pa laputopuyo iwo akuona, n'kuwapempha kuti alowe ndi dzina lawo. Mlonda anawakana, ndipo nkhope yawo inachita mdima. Ndinayendetsa fayilo. Mizere inathamanga pa sikirini, magulu, zilolezo, anthu, ndipo pasanathe mphindi ziwiri analowa. Ndinaiyendetsanso, inati zosintha 0. Kenako ndinachotsa dala gulu lonse la madalaivala ndi mawusi, n'kuyendetsanso. Madalaivala anabwerera onse, aliyense pamalo pake.

"Ndiye kuti ngakhale iwe utagundidwa ndi basi, depoti iyendabe?" a manijala anafunsa, maso akuwala.

"Iyenda, bwana, koma mudzandisowa. Tsopano tiyeni tiyese tsiku limodzi la ntchito, tione ngati aliyense angathe kugwira zake. Tinene kuti basi nambala 27 yafika mabuleki akulira."

Ndinalowa ngati dalaivala n'kulemba vutolo. Zinatheka. Ndinalowa ngati kapitawo wa galaja n'kuvomereza kuti ikonzedwe. Zinatheka. Ndinalowa ngati makaniko n'kupempha mapadi. Pempho linapita ku sitolo, ndipo sikirini inalemba kuti palibe wololedwa kutulutsa.

"Walakwitsa penapake," a Fomu anatero mosangalala.

"Sindinalakwitse, bwana. Gulu ili mulibe munthu, chifukwa pa mndandanda wanu sitolo ilibe munthu."

A manijala anatsamira patsogolo. "Nanga zipangizo amatulutsa ndani masiku onsewa?"

"Malinga ndi Mlonda wakale, abambo anga."

"Abambo ako aja? Odwala aja?"

"Omwewo, bwana. Sajomba."

Ndinawatembenuzira kaundula n'kuwauza zonse mmene zinalili, za kuchipatala, za sabata imodzi imene inasanduka zaka zitatu, za mayi wa tsache. Sindinakongoletse kanthu ndipo sindinabise kanthu. Ndisanamalize, a Fomu anali atatsegula kale chivindikiro cha cholembera.

"Lamulo ndi lamulo. Mayiyu wachita chinyengo zaka zitatu, ndimulembera kalata lero lomwe. Za sitolo musadandaule, bwana, ndikudziwa munthu wa mapepala ake abwino."

Ndinatulutsa pepala lija m'thumba n'kuliyala patebulo, selotepu yake ikadali m'makona. Ndinali nditalimatula pakhoma la sitolo m'mawa womwewo.

"Lamulo ndi lamulo, ndipo ndabwera nalo. Loyambalo tonse timalidziwa. Bwana, tawerengani lachiwiri."

A manijala anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono: ofesi yoona za antchito itseke akaunti ya aliyense wosiya ntchito pasanathe tsiku limodzi, ndipo wolephera kutero adzalangidwa mofanana.

"Akaunti ya abambo anga ikanatsekedwa tsiku limenelo," ndinatero, "amayiwa sakanalowa, mabasi akanaimabe, ndipo mukanalemba munthu mwezi womwewo. Sinatsekedwe. Ngati tikuyamba kuchotsa anthu ndi pepala ili, tiliwerenge lonse."

A Fomu anabwezera chivindikiro pa cholembera.

"Zaka zitatu ndakhala ndikuyamikira kapitawo kuti sitolo ikuyenda bwino," a manijala anatero potsiriza, "ndipo iye amangoti zikomo bwana. Mayiyu ntchito akuidziwadi?"

"Mboni ndi mabasi anu. Funsani makaniko aliyense amene mukufuna."

Sanakhulupirire za ine ndekha, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anaimbira foni ku galaja n'kufunsa amakaniko awiri, aliyense payekha, kuti zipangizo amatenga kwa ndani. Onse anazengereza poyamba, kenako anatchula Asisi, wachiwiriyo n'kuwonjezera kuti akawachotsa iye apita nawo. A manijala anaika foni pansi n'kugamula mwachidule. Asisi alandira kalata ya chenjezo, chifukwa lamulo analiswadi. Ayang'anira sitolo miyezi itatu yoyeserera. Za lamulo lachiwiri akambirana ndi a Fomu paokha.

"Lemba," anandiuza.

Ndinatayipa mzere wa Asisi pomwepo, nambala yawo, dzina lawo lonse, gulu la otulutsa zipangizo. Nditafika kumapeto ndinaimika zala.

"Wavomereza ndani, bwana?"

"Lemba ine."

Lolemba Mlonda watsopano anayamba ntchito. Ndinathimitsa seva yakale 6 koloko, ndipo kwa nthawi yoyamba kaofesi kanga kanakhala chete. Ikukwana 6:40 ndinali ku sitolo. Asisi anakhala pa mpando atavalabe epuloni yosesera, anapukuta manja, n'kutayipa. Mlonda anawakana. Anadzidzimuka n'kundiyang'ana, ndipo ine ndinawalozera pa sikirini. Zala zawo zinali zitalemba dzina la abambo anga mwachizolowezi.

"Lanu, amayi."

"Lonse?"

"Lonse."

Analilemba pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani, ndipo sitolo inatseguka. Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi epuloni, kenako anakalipira makaniko amene ankasuzumira pawindo kuti aime pamzere ngati anzake.

Ndikanakhala wosadziwa anthu ndikanati zatha. Koma a Fomu anali ndi chilolezo choimitsa munthu ndi mawusi pakagwa zadzidzidzi, ndipo ndinawalembera ndekha chilolezo chimenecho, chifukwa ofesi yawo imachifunadi. Lachitatu cha m'ma 9 koloko ndinamva phokoso ku galaja. Amakaniko asanu ndi awiri anali pawindo la sitolo, windo lili lotseka. Asisi anali atatenganso tsache, akusesa malo amodzimodzi pamene panalibe ndi fumbi lomwe. A Fomu anali atawachotsa m'gulu, akuti kalata yawo ya udindo sinadindidwe chidindo.

"Ndinadziwa kuti sizingakhalitse, achemwali," anatero osandiyang'ana. "Zikomo poyesa."

Mawu amenewo ndi amene anandipsetsa mtima kuposa za a Fomu. Sindinakwere masitepe kukakangana ndi munthu. Ndinakhala pa mpando wa m'sitolo momwemo, n'kuyendetsa fayilo. Inayang'ana anthu 130 mmodzimmodzi, inapeza mmodzi sali pamene analembedwa, ndipo inati zosintha 1.

"Tsamiritsani tsachelo, amayi. Anthu akudikira."

Lachinayi a Fomu anadinanso, nthawi yoweruka, poganiza kuti ndapita. Sankadziwa kuti fayilo imadziyendetsa yokha 6 koloko m'mawa uliwonse. Asisi anafika Lachisanu, analowa ndi dzina lawo, ndipo mpaka lero sadziwa kuti anachotsedwapo kachiwiri. Masana a tsiku limenelo a Fomu anatsika okha kubwera ku kaofesi kanga, kumene anali asanapondeko chiyambireni ntchito. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango.

"Makina anuwa ndi osamvera. Ndikachotsa munthu akumabwerera."

"Akumvera, bwana, koma akumvera zolembedwa. Mukufuna amayiwa achoke? Nayi kiyibodi. Tichotse mzere wawo, tilembe kuti mwavomereza ndinu. Kusintha kulikonse kwa fayiloyi kumapita kwa a manijala tsiku lomwelo, ndi dzina la wosinthayo."

Ndinawakankhira kiyibodi. Anaiyang'ana osaikhudza.

"Mpopi wanuwu ukudontha," anatero. "Mubwere mudzatenge fomu."

Loweruka masana abambo anandiitana pakhonde. Kanali koyamba kundilankhula chiyambireni mkangano uja.

"Bweretsa chinthu chako chija ndichione."

Ndinawaikira laputopu pamiyendo, amayi n'kuwabweretsera magalasi. Anayamba pamwamba penipeni, chala chamanzere chikutsata mzere uliwonse, osadumpha. Pa gulu la amakaniko a magetsi anaima n'kundiuza kuti ndawapatsa zambiri, anthu amenewo asamapemphe matayala, ndipo ananena zoona, ndinalemba m'kope kuti ndikafunse kapitawo Lolemba. Atafika pa sitolo, chala chinaima. Anawerenga dzina la Asisi mokweza, lonse, ndi dzina la a manijala kumapeto kwake. Kenako anapitiriza mpaka mzere womaliza, n'kubwereranso pamwamba, kufunafuna.

"Ine mulibedi."

"Mulibe, ababa."

"Tayendetsa ndione."

Ndinaiyendetsa pa Mlonda woyeserera. Mizere inathamanga n'kuima. Zosintha 0.

"Bwerezanso."

Ndinabwereza. Zosintha 0.

"Ndiye kuti mawa, mkuja, chaka chamawa, akhalapobe? Wina atadina zake?"

"Akhalapobe. Ngakhale seva itapsa, ndikayendetsa fayilo abwerera pa mpando womwewo."

"Popanda ine."

"Popanda inu, ababa."

Anavula magalasi n'kuyang'ana kumsewu. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena alira, ndipo sindinkadziwa kuti ndipirira chiti. Iwo anangotambasulira amayi dzanja lamanzere kuti awamasule wotchi, poti okha sangathe, ndipo anati lamba wake wakhala akuwathina kwa nthawi yaitali.

Lolemba ndinadzuka mochedwa pang'ono, n'kuvala mothamanga. Potuluka ndinapeza mpando wa pakhonde uli wopanda munthu, bulangete lili lopinda pamwamba pake. Ndinathamangira ku chipinda chawo. Amayi anandiimitsa pakhomo, chala chili pamlomo. Nthawi inali 6:40, ndipo kuseri kwa chitseko abambo anga ankaliza mkonono.